Mphunzitsi wokusaka ndi mphunzitsi womusaka

Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, mtsikana wina wa kwaya anandiperekeza mpaka pageti. Makolo ake ndi a ku Ntcheu, iye wakulira konkuno, ndipo ali chaka choyamba pa yunivesite ina muno mu Joni. Anati: "Agogo, inu munali mphunzitsi, tandiuzani zoona. Kusekondale aphunzitsi ankandidziwa dzina, ndikajomba ankaimbira foni amayi. Kuno a pulofesa amangolowa, kuyatsa zolemba pakhoma, kulankhula, basi atuluka. Mayeso oyamba ndapeza 41, ine amene ndinakhoza bwino matric, mayeso omaliza a kusekondale. Kodi anthu amenewa amadziwa kuphunzitsa? Mphunzitsi weniweni si uja wa kusekondale?" Nyemba zinali pamoto, ndiye ndinangomuyankha pamwambamwamba. Lero ndimuyankhe modekha, poti anzake odandaula chimodzimodzi ndi ambiri.

Mdzukulu wanga, ndiyambe ndaulula kuti pamlandu uwu ndili ndi mbali. Ndinadya fumbi la choko zaka 28 m'masekondale a kumudzi, ndiye mtima wanga ukufuna kuombera m'manja mawu akowo. Ndipo pena ukunena zoona. Mphunzitsi wa kusekondale anaphunzira ntchito yophunzitsa. Kuno amachita digiri ya uphunzitsi ya BEd zaka zinayi, kapena digiri ina kenako chaka chimodzi cha satifiketi ya uphunzitsi ya PGCE, amakayesedwa ali kutsogolo kwa kalasi yeniyeni, ndipo sangagwire choko asanalembetse ku SACE, bungwe loyang'anira aphunzitsi. Kwathu timawasula ku Domasi ndi ku Zomba. Lekichala wa kuyunivesite salembedwa ntchito motero. Chimene amamuonera ndi kuzama kwake pa phunziro lake, Masters kapena PhD, ndipo kukwezedwa kwake kumadalira kwambiri kafukufuku amene wasindikiza. Alipo ena odziwa zinthu zoopsa koma osadziwa kuziika m'kamwa mwa mwana wa zaka 18. Zimenezo sindikutsutsa.

Koma funso lako lili ndi ulesi pang'ono mkati mwake, ndipo amene anakudzala ulesiwo ndife.

Ukudziwa chifukwa chake aphunzitsi ako ankakusaka? Chikondi chinalipo, inde. Chinanso n'chakuti dzina lawo linali pamutu pako. Mayeso a Grade 12 salemba iwo, amachokera kuboma ndipo a bungwe la Umalusi amawayang'anira, monga momwe kwathu MSCE imachokera ku MANEB. Zotsatira zikatuluka mu Januwale, sukulu yonse imayezedwa pa sikelo, ahedi amafunsidwa, iwonso amafunsa mphunzitsi. Ndiye mphunzitsi amakuweta ngati mbuzi, Loweruka kalasi, patchuthi kalasi, mapepala a zaka zam'mbuyo mpaka uwaloweze. Inenso ndinkachita zomwezo. Ndinkadziwa mitu imene imakonda kubwera pa MSCE, ndipo ndinkawatafunira ana anga n'kuwaika m'kamwa, iwo kwawo kunali kumeza. Mnyamata wina amene ndinkamunyadira anakhoza ndi mapointi okongola, anapita ku koleji, chaka chisanathe anabwerera kumudzi atawidedwa chifukwa cholephera mayeso. Anthu anati wamulodza ndani. Ine ndekha ndinkadziwa kuti mwanayo sindinamuphunzitse kutafuna. Mpaka lero ndikamukumbukira nsima siitsika bwino.

Tsono taona kumene uli. M'holo ya chaka choyamba mumakhala anthu mazanamazana, kuposa mpingo wathu wonse pa Pasaka. Ine kalasi yanga yaikulu inali ya ana oposa 80 ndipo mayina ankandisokonekera mpaka teremu yachiwiri. A pulofesa ako angakudziwe bwanji iwe utakhala mzere wakumbuyo, mutu uli pafoni? Komanso muyezo wasintha. Pa matric phunziro lina umadutsa ndi 30, lina ndi 40. Kuyunivesite kukhoza kumayambira pa 50, ndipo funso silikufunsa kuti ubwereze zimene unamva, likufuna uonetse chimene ungachite nazo. Lekichala amakupatsa njira ndi mndandanda wa mabuku. Maola awiri kapena atatu amene umamuona pasabata ndi chiyambi chabe, munda weniweni uli mulaibulale. Iye ndi chitsime, mwanawe. Kuyambira kale sindinaonepo chitsime chikulondola munthu kunyumba kwake.

Apa mpamene mwambo wathu umatipweteka tikapanda kuumvetsa. Tinakulerani kuti wamkulu akamalankhula mwana amakhala chete, sayang'ana m'maso, safunsa kawiri. Ndi ulemu wabwino, ndipo pamaso pa apongozi ako udzaufuna. Koma ukalowa nawo m'holo ya yunivesite, a pulofesa amangoona munthu wopanda chidwi. Kumeneko ulemu ndi kuwerenga usanabwere, kukweza dzanja, ngakhale kutsutsa kumene ngati uli ndi umboni. Ana a eni dziko ena amafunsa mopanda mantha, iwe n'kumati ndi amwano. Si mwano umenewo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Lekichala aliyense ali ndi maola amene amakhala muofesi kudikira ophunzira. Amalembedwa m'kabuku ka phunzirolo kamene munalandira mu Febuluwale, kapena pachitseko chake. Ndikukayika ngati unakatsegula kabukuko. Pita pa ola limenelo, osati kumuimitsa pamasitepe akuthamangira kalasi ina. Gogoda, pereka moni, nena dzina lako ndi phunziro lake. Kugwada ayi, ungomuchititsa manyazi munthu. Ngati ndi Dokotala muitane Dokotala, ngati ndi Pulofesa muitane Pulofesa, mayina amenewo anawakhetsera thukuta zaka zambiri. Akakuuza yekha kuti umuitane ndi dzina loyamba, pamenepo ndiye wamasuka. Ndipo usapite ndi mawu akuti "sindikumva chilichonse", chifukwa palibe sing'anga amene amachiza munthu wongoti thupi lonse likuwawa. Tenga pepala lako la 41 lija, loza funso, unene kuti apa ndinaganiza chonchi, ndinasochera pati? Munthu amene moyo wake wonse wauthera pa phunziro limodzi, ukamufunsa funso lenileni la phunzirolo amasanduka wina. Uona wekha, mwina mpaka ukachita kutsanzika ndiwe.

Ukamulembera imelo, lemba ngati kalata, moni pamwamba, dzina lonse ndi nambala yako pansi. Chilankhulo cha pa WhatsApp usiyire anzako. Makalasi ang'onoang'ono amene amatsogolera ophunzira akuluakulu aja usawapeputse, ndiwo afanana ndi sekondale imene ukuilirayo, ndipo kumeneko dzina lako adzalidziwa.

Pali china chimene ndiyenera kukuuza ngati gogo wako. Kumudzi makolo ankandibweretsera nkhuku, mtedza, nthochi, ndipo panalibe choipa, kunali kuthokoza. Kuno usayerekeze kunyamula mphatso kupita nayo kwa munthu amene akuchonga mayeso ako, anthu adzazitcha ziphuphu. Amayi ako akafuna kuthokoza, adikire tsiku la gawuni. Ndipo mphunzitsi aliyense, wa sekondale kapena wa yunivesite, akayamba kukuitanira kumalo kosakhala ofesi, kapena kunena zoti malikisi tingakambirane madzulo, umenewo si uphunzitsi. Usabise. Mayunivesite ali ndi maofesi olandira madandaulo otere, ndipo ine geti langa ukulidziwa.

Ndikuumirira zonsezi chifukwa iwe kulephera kwako n'kodula kuposa kwa mnzako wokhala naye benchi limodzi. Iye mwina akulipiriridwa ndi NSFAS, thandizo la boma limene mwana woyendera pasipoti ya Malawi ndi pemiti ya sukulu salipeza. Iwe fizi yako ikuchokera m'manja mwa amayi ako amene amadzuka mdima ulipo kukakwera tekisi pa Bree, kukachapa ndi kusita m'nyumba za anthu. Pemiti yakonso imafuna inshulansi ya chipatala chaka ndi chaka. Kubwereza phunziro limodzi chifukwa unkaopa kugogoda pachitseko, ndalama zake ukaziwerenge m'madengu a zovala zimene mayi ako achape.

Ndiye ukandifunsa kuti wamkulu ndani, ine sindisankha mmene ukufuniramo. Pa luso logwira mwana pamkono, wa kusekondale amapambana, ndipo ndimanena zimenezi mosanyengerera. Koma ukanakhala naye mpaka kalekale ukanakalamba ukudikira belu. Chimene chimandinyansa ndi china: ana ena akangolawa yunivesite amayamba kuyankhula za aphunzitsi awo akale ngati anthu otsalira, kuwadutsa pa Shoprite osapereka moni. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mayi uja ankaimbira foni kwanu ukajomba, ankagwiritsa ntchito mayunitsi ake. Patchuthi cha Juni upite kusukulu yako yakale ukamuone, umuuze kuti zikuvuta koma ukulimbana nazo. Ife aphunzitsi opuma timakhalira timauthenga totere.

Sabata ino ukagogode pachitseko chija. Lamulungu tikatuluka undiperekezenso, ubwere ndi pepala la 41, undiuze zimene a pulofesa anena pa funso lililonse. Nyemba ndiphikiratu Loweruka kuti tikhale pansi bwinobwino.