Zitunda za ku Nyika zikundivuta kujambula

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndimakonda kujambula pamanja. Mu Ogasiti ndikupita ku Nyika koyamba, ndagula kale penti wosungunula ndi madzi. Koma ndikamayeserera zitunda za kumeneko poonera zithunzi, zikumatuluka ngati mizere ya m'munda. Ndikulakwitsa pati?
Mphunzitsi, Mzuzu

YANKHO: Aphunzitsi, ndikuganiza kuti zitunda zonse mukuzipaka penti wofanana mphamvu. Ku Nyika diso limafika patali zedi. Mukaima cha ku Chelinda, pamalo okwera mamita pafupifupi 2,300, mudzaona chitunda kuseri kwa chitunda mpaka kumene mitambo yatsikira. Chapafupi, mu Ogasiti, udzu wake umakhala wouma wachikasu, pena pakuda pomwe padutsa moto. Chachiwiri chimayamba kutuwa. Zakutalizo zimaoneka zabuluu wotumbululuka, pafupifupi mtundu wa thambo.

Ndiye yambirani kutali. Pakani thambo ndi zitunda zakumapeto ndi penti wochuluka madzi, dikirani pepala liume, kenako bwerani chitunda chimodzichimodzi mukuchepetsa madzi. Kudikirako n'kumene kumagonjetsa ambiri, chifukwa m'mawa kumazizira koopsa ndipo pepala silifulumira kuuma. Mukapupuluma mitundu imalowererana, zitunda n'kusanduka matope.

Ine m'mawa sindigwira bulashi. Dzuwa likadali m'munsi m'pamene zigwa zimakhala ndi mthunzi, ndipo mthunziwo ndi umene umaonetsa kuti apa m'pokwera, apo m'potsika. Ndimaujambula msanga ndi khala kapena pensulo yofewa ya 6B, n'kulemba pambali mitundu imene ndikuona. Penti ndimapaka kukafunda. Masana dzuwa likafika paliwombo mithunzi imatha, malo onse n'kuoneka athyathyathya.

Yang'anitsitsani timagulu ta mitengo yobiriwira kwambiri tomwe timamera m'makwawa. Tapafupi tikhale tatikulu ndi takuda, takutali tingokhala timadontho, basi woona chithunzi adziwa yekha kutalika kwa malowo. Nkhalango ya paini ya pa Chelinda, yomwe idabzalidwa m'zaka za m'ma 1950, ine siindikoka mtima. Ndi mitengo yachilendo ndipo malire ake ngowongoka mopitirira muyeso, komabe imathandiza kukutchingirani mphepo pokhala.

Mbidzi ndi ntchefu mudzaziona ndithu. Zikakhala patali musavutike ndi mizere ya mbidzi, diso lanu lomwe silikuiona. Kadontho kotuwa ndi kamthunzi pansi pake zakwanira.

Funsani alonda a paki malo amene mungatsike m'galimoto n'kukhala pansi, poti anyalugwe ndi afisi aliko. Tengani juzi yokhuthala ndi zopanira zovala zogwirira pepala ku mphepo. Mapepalawo muwakulunge mu jumbo musanachoke pa Rumphi, chifukwa msewu wodzera pa geti ya Thazima umakhala wafumbi kwambiri nyengo imeneyo.