Funsani Tiyankhe: Kukapuma kunja kwa dziko mliri usanathe

Makalata awa adalembedwa m'nthawi ya mliri wa COVID-19, ambiri adachokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ankafunsa za maulendo a tchuthi kunja kwa dziko. Malamulo a COVID-19 a pa malire ndiponso mitundu ya katemera wa COVID-19 yotchulidwa m'mayankhowa ndi za nthawi imeneyo, sizili choncho lero. Adayankha ndi anzathu ogwira ntchito zaumoyo ndiponso okonza maulendo.

Ine ndi mayi a kunyumba takhala tikusunga ndalama kuti tikaone nyanja ya mchere ku Durban. Tikwera basi yodzera pa boda ya Dedza. Anzathu akuti chitupa cha COVID chimatha mphamvu msanga. Tikayezetse tsiku liti? (Mphunzitsi, Dedza Boma)

Aphunzitsi, anzanuwo sakunama. Chimene amafuna pa malire m'nyengo ya mliriyi ndi zotsatira za kuyeza kwa mu labu kotchedwa PCR, zosapitirira maola 72, ndipo anthu ambiri amalakwitsa powerenga maolawo. Amayambira pamene alandira pepala. Inu yambirani pa ola limene adakulowetsani kathonje m'mphuno, chifukwa ndi limene maiko ambiri amayang'ana.

Tiwerengere limodzi. Mwayezetsa Lolemba 8 koloko m'mawa, ndiye kuti chitupa chikutha Lachinayi 8 koloko m'mawa. Zotsatira zimatenga tsiku limodzi kapena awiri, choncho mwina muzilandira Lachiwiri madzulo. Basi ikanyamuka Lachitatu m'mamawa, mudutsa pa Dedza ndi Calomue, muwoloka Zambezi ku Tete, mulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, ndipo pa Beitbridge mufika Lachinayi, nthawi yeniyeni imene pepala likutha. Tayala likaphulika ku Tete, kapena mzere ukatalika pa Nyamapanda, mufika ndi chitupa chakufa. Pamenepo akuuzani kuti muyezetsenso ndi ndalama zanu, basi ili kudikira, mwinanso osadikira.

Ndiye chitani izi. Gulani tikiti kaye, mudziwe tsiku ndi ola lonyamukira. Kenako funsani ku chipatala cha boma kuti malo ovomerezeka oyezera anthu apaulendo ndi ati, chifukwa si pepala lililonse lolembedwa kuti mulibe kachilombo limene limalandiridwa. Kuyeza kwa mphindi 15 kuja ndi kwina, PCR ndi ina. Kuchokera ku Dedza kupita ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85, ndiye ngati koyezerako ndi kumeneko, konzekani zogona komweko. Yezetsani m'mawa wa tsiku loti mawa mukunyamuka, mutatsimikizirana ndi a ku labu kuti zotsatira zituluka tsiku lomwelo. Ngati sangalonjeze zimenezo, yezetsani madzulo a dzana lake, osati m'mawa. Maola asanu ndi limodzi amenewo ndi amene adzakupulumutseni pa Beitbridge.

Mukalandira pepala musangolipinda n'kuika m'thumba. Onani dzina ngati lalembedwa chilembo ndi chilembo monga la m'pasipoti, onani nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa, tsiku ndi ola loyezera, mawu akuti PCR, ndi chidindo. Pangani fotokope zinayi aliyense, popeza mudutsa malire atatu ndipo pena amatsala nalo pepala. Lijambuleninso pa foni.

M'basimo mukhala tsiku ndi theka kapena kupitirira, mukupuma mpweya umodzi ndi anthu ambirimbiri. Masiki ya kuchipatala ikanyowa imasiya kugwira ntchito, ndipo imafunika kusintha pakatha maola anayi kapena asanu. Tengani khumi aliyense popita, khumi pobwera. Mankhwala opaka m'manja akhale a mphamvu yosachepera 60 peresenti. Ngati windo limatseguka, khalani pafupi nalo.

Chomaliza, pobwera mudzayezetsanso ku Durban, pa mtengo wa kumeneko, ndipo masamu a maolawa ndi omwewa.

Ndidabayitsa katemera wa AstraZeneca kamodzi kokha chaka chatha. Pa khadi adalemba dzina la amuna anga, koma pasipoti ili m'dzina la kwathu. Gulu lathu la amayi likupita ku Zanzibar. Andilola? (Mayi wa geni, Lizulu)

Mayi, pali zinthu ziwiri zoti mukonze, ndipo zonse zikufuna muyambe sabata ino.

AstraZeneca, amene adafika m'dziko muno mu Marichi 2021, ndi wobaya kawiri. Kamodzi sikawerengedwa kuti mwamaliza. Pitani mukabayitse kachiwiri, simuyenera kuyambiranso ngakhale papita miyezi. Mukabaya, pamafunika masiku 14 kuti muwerengedwe ngati wotetezedwa, chifukwa thupi limatenga nthawi imeneyo kuti lipange chitetezo chokwanira. Kubayitsa Lachisanu n'kunyamuka Lolemba n'kungodzivutitsa ndi mkono wowawa panjira. Anzanu a m'gulu amene sanabayitseko n'kamodzi komwe afunse za Johnson & Johnson, yemwe ndi wobaya kamodzi, koma masiku 14 aja ngomwewo.

Za dzina: wa pa malire sakudziwani, sadziwa kuti mudakwatiwa liti. Iye amaika khadi pambali pa pasipoti, akaona maina awiri amati ndi anthu awiri. Bwererani kumene mudabayitsa ndi pasipoti, chitupa cha unzika ndi khadilo, akakonze m'kaundula ndi kukupatsani lolembedwa bwino. Musafufute ndi cholembera nokha, khadi lofufutidwa amalikayikira kuposa lolakwika.

Tikuwonjezereni china chimene simunafunse. Mukadzera pa Songwe ndi Kasumulu, kenako Mbeya ndi Dar es Salaam n'kukwera boti, nkhani ya khadi lachikasu la yellow fever siikulu chifukwa Malawi sali m'gulu la maiko a matendawa. Koma ngati mukwera ndege yodzera ku Nairobi kapena Addis Ababa n'kukhala kumeneko maola opitirira 12, akhoza kukufunsani khadilo. Katemera wake amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10, ndipo kuyambira 2016 kubaya kamodzi n'kwa moyo wonse.

Ndidadwala COVID mwezi watha koma ndidachira. Munthu wina akuti angandipezere pepala popanda kuyezetsa ndikamupatsa kangachepe. Akuti ndikayezetsa zitulukabe kuti ndili nako. Zoona? (Bambo, Biriwiri)

Theka lake ndi loona, Bambo. PCR imafufuza tizidutswa ta kachilombo, ngakhale takufa, ndipo mwa anthu ena timapezekabe m'mphuno milungu ingapo, mwina mpaka miyezi itatu, munthu atachira ndipo sakupatsiranso wina. Chochita ndi kuyezetsa tsopano, musanagule tikiti. Zikatuluka bwino, konzani ulendo. Zikatuluka kuti kadakalipo, tengani zotsatira zoyamba zija ndi kalata ya adokotala yotsimikiza kuti mudachira, n'kufunsa ku kazembe wa dziko limene mukupita ngati amalandira kalata yotere. Ena amalandira, ena ayi, ndipo kwa okanawo n'kudikira basi.

Pepala logula lisiyeni. Pa Beitbridge anthu akhala akugwidwa ndi zitupa zabodza kuyambira kumapeto kwa 2020, ndipo m'nyengo ya mliriyi mapepala ambiri ali ndi kachizindikiro kowerengedwa ndi foni komwe kamaonetsa labu imene idayeza. Mukagwidwa ndi mlandu wachinyengo m'dziko la eni, tikiti yapita, ndipo wokugulitsaniyo ali phee kwawo. Komanso ngati mwatenganso kachilombo mwatsopano osadziwa, amene mwakhala naye mpando umodzi akhoza kukhala gogo wa wina.

Chimene chikundiopsa ine si kudwala koma kutsekeredwa kunja. Ndingadziteteze bwanji? (Wogwira ntchito m'boma, Ntcheu)

Limeneli ndiye funso limene aliyense wa pamwambapa amayenera kuyamba nalo. Anthu amakonzekera kupita, kubwera amangoti Mulungu adziwa. Koma ndalama zambiri zimene apaulendo ataya m'mliri uno zatayika pobwerera.

Kumbukirani mmene zitseko zakhala zikutsekedwera. Kuno kwathu ndege zonyamula anthu zidaimitsidwa pa 1 Epulo 2020, ndipo bwalo la Kamuzu lidatsegulidwanso pa 1 Seputembala, patatha miyezi isanu. Mu Januwale 2021 South Africa idatseka zipata zake zapamtunda, Beitbridge yomwe, kufikira pakati pa Febuluwale. Kumapeto kwa Novembala 2021 akatswiri a ku South Africa atalengeza za mtundu watsopano wa kachilomboka wotchedwa Omicron, sipadathe sabata Britain idaika Malawi pa mndandanda wa maiko oletsedwa pa 28 Novembala, America nayo idatseka tsiku lotsatira. Amene ankaloledwa kulowa ku Britain ankabindikiritsidwa m'hotela masiku 10 pa mtengo wa mapaundi 2,285 munthu mmodzi. Palibe amene adachenjezedwa kutatsala mwezi. Chidziwitso chinkabwera lero, lamulo n'kuyamba mawa kapena mkuja.

Ndipo sipafunika kuti malire atsekedwe. Zikungofunika kuti zotsatira za pobwerera zituluke kuti muli nako. Pamenepo simukwera ndege kapena basi, mubindikira masiku 7 mpaka 10 kapena kupitirira, malinga ndi lamulo la kumeneko, mukulipira chipinda ndi chakudya nokha.

Choncho powerengera ndalama za ulendo, wonjezerani za masiku 14 ogona ndi kudya, za kuyezetsa kawiri pamwamba pa koyamba, ndi zosinthira tikiti. Ngati tchuthi ndi cha sabata imodzi, m'thumba mukhale za milungu itatu. Zikakhala kuti sizikukwana, fupikitsani ulendo kapena sankhani kwapafupi. Ife tikuona kuti m'nyengo ngati ino dziko loti mungabwereko pa msewu, monga Zambia kapena Mozambique, ndi lanzeru kuposa lodalira ndege ziwiri zolumikizana, chifukwa imodzi ikaimitsidwa ulendo wonse waduka. Ndalama zakunja kagulirenitu ku banki nthawi idakalipo, mutatenga pasipoti ndi tikiti, popeza sizipezeka tsiku lililonse. Zina zikhale m'manja, zina pa khadi, ndipo auzeni a banki kuti khadilo mukaligwiritsa ntchito kunja kuti asalitseke.

Tikiti yotsika mtengo kwambiri nthawi zambiri ndi yosasinthika. Funsani wogulitsa mafunso atatu ndipo akuyankheni polemba: kusintha tsiku ndi zingati, ndege ikalephereka abweza ndalama kapena angopereka kapepala kodzakwerera mtsogolo, nanga ndikapezeka ndi kachilombo tsiku lonyamuka zikhala bwanji. Ku hotela sankhani kolipira mukafika, kapena kololeza kusintha maganizo kutatsala tsiku limodzi kapena awiri.

Inshulansi ya paulendo ndi yofunika, koma werengani tsamba la zimene salipira, lomwe limakhala la zilembo zazing'ono. Yambiri imalipira chipatala mukadwala koma siilipira hotela yobindikiramo, ndipo pafupifupi yonse siilipira boma likatseka malire. Onani mawu atatuwa padera: kuchipatala, kubindikira, kubwezedwa kumudzi.

Amalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha. Mukaona kuti mupitirira chifukwa chodwala, sungani zotsatira ndi makalata a chipatala, chifukwa opitirira masiku amaletsedwa kulowanso. Lembani papepala nambala ya ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria, kapena ku Dar es Salaam, kapena ku Lusaka, malinga n'kumene mukupita. Ku ntchito pemphani tchuthi chokhala ndi masiku otsala, musabwere Lamlungu usiku Lolemba muli pa desiki.

Mayi anga ali ndi zaka 68, amadwala shuga ndi BP. Tiwatenge? (Mwana wawo, Linthipe)

Pa basi ya masiku awiri, ayi, musawatenge. Msinkhu wawo ndi matenda awiriwo ndi zimene zimachititsa COVID-19 kufika poika munthu pa mpweya. Ngati ndi pa ndege kapena pa galimoto yanu, akhale atamaliza katemera, akaonane ndi adokotala milungu iwiri ulendo usanafike, ndipo shuga ndi BP zikhale zitakhazikika. Mankhwala atenge a masiku onse a ulendo kuwonjezerapo a milungu iwiri, m'mabotolo ake enieni, m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Chikwama chachikulu chimatha kutsala ku Johannesburg inu muli ku Lilongwe.

Ngati atsala pakhomo, pobwera musathamangire kukawakumbatira. Khalani patali masiku asanu, muwalonjere panja, kenako yezetsani. Thupi likatentha panthawiyi uzani a chipatala kumene mwachokera, ndipo ayeze malungo ndi COVID-19 zonse ziwiri, chifukwa zimayamba mofanana ndipo malungo sadikira.