Mafumu ndi abusa akhale akazembe a gulu lathu? Yankho kwa chemwali wa ku Mchinji

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa chemwali wina wa kwa Mkanda ku Mchinji. Iye ndi anzake ali ndi gulu la achinyamata lomwe limabwezera ana kusukulu, makamaka atsikana amene anasiyira panjira chifukwa cha mimba kapena banja, ndi anyamata amene anathawira kumaganyu a fodya. Funso lake ndalifupikitsa motere:

"Anthu ena otifunira zabwino atilangiza kuti tisankhe akuluakulu a m'dera muno, monga mafumu, abusa, mashehe ndi aphungu, kuti akhale akazembe a gulu lathu. Anzanga ena akukana, akuti akuluakuluwa adzangofuna maalawansi kenako adzatilanda gululo. Kodi tipitirire nazo? Nanga tikawasankha azichita chiyani kwenikweni?"

Achemwali, pitirirani nazo. Koma anzanu akukanawo musawatenge ngati obweza ntchito m'mbuyo, chifukwa zimene akuopazo zimachitikadi. Chimene chingakupulumutseni n'chakuti kazembe aliyense mumupatse ntchito yooneka, yoti aichite pamalo pamene iye amalankhula kale, ndipo ndalama ndi kaundula wa ana zikhale m'manja mwanu.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene mukuwafunira. Malamulo alipo kale, ndipo ali kumbali yanu. Lamulo la maukwati la 2015 linati munthu azilowa m'banja akakwanitsa zaka 18, ndipo mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti makolo asamathenso kuloleza mwana wosafika zakazi kukwatiwa. Mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera m'kalasi, ndipo ndondomeko imeneyi inayamba mu 1993. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Koma inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti zolembedwa ku Lilongwe sizifika zokha pakhonde la malume amene walandira kale ndalama ya mkamwini. Mukapita inu, mtsikana wa zaka makumi awiri, kukawauza kuti mphwawo abwerere kusukulu, akuyang'anani kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kukufunsani kuti ndinu mwana wa yani. Mawu omwewo akatuluka pakamwa pa a nyakwawa, malumewo amavula chipewa. Si kuti mawu anu ndi opepuka ayi, koma kumudzi anthu amayamba ayang'ana amene akulankhula asanamve zimene akunena.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza, amene anatisiya mu August 2025. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati a ana oposa 800. Chimene ndikufuna muone ndi njira imene anatsata. Anasonkhanitsa mafumu awo aang'ono n'kuwasayinitsa pangano lothetsa maukwati a ana, ndipo amene analolabe maukwati otere m'midzi mwawo anaimitsidwa paufumu mpaka atakonza zinthu. Anagwira ntchito ndi amayi a m'magulu a Mother Group, oyang'anira kuti ana asasiye sukulu, amene amadziwa kuti mwana wa uje sanaoneke kusukulu masabata awiri. Anagwiritsa ntchito mphamvu imene anali nayo kale monga mfumu. Kazembe woteroyo ndi amene mukumufuna, osati wongobwera pa tsiku la chikondwerero, kuvala malaya a gulu lanu, kujambulitsa n'kumapita.

Tsono musayambire kumwamba. Magulu ambiri amathamangira kwa aphungu kapena kwa mfumu yaikulu chifukwa dzina lalikulu limaoneka bwino pa kalata yopemphera thandizo. Ulemu wake n'ngwakuti mukadziwonetse kwa mfumu yaikulu, ndipo musadumphe zimenezi, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku ili kwa a nyakwawa ndi a gulupu. Iwowa ndi amene amaweruza milandu pansi pa mtengo, amagawa malo, amalembera anthu makalata, ndiponso amakhala ndi mawu omaliza pamaliro. Taganizirani za maliro a kumudzi. Anthu a midzi isanu akhala phee, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, mwini mbumba wathokoza, a mpingo atsiriza, kenako mfumu yaimirira kupereka zilengezo. Ikangonena kuti sukulu ikutsegulidwa Lolemba ndipo kholo limene mwana wake adzapezeke kudimba lidzakumana nayo pabwalo, uthenga wafika kwa anthu amene inu simukanawasonkhanitsa ngakhale mutabwereka zokuzira mawu. Apa simunawononge ngakhale tambala.

Musaiwale anamkungwi ndi akulu a kudambwe. Ambiri amawazemba poganiza kuti iwowa ndiye gwero la vuto. Ine ndimaona mosiyana. Namkungwi ndi amene amalankhula ndi mtsikana pa nthawi imene mayi ake omubereka sangathe kutero, ndipo zimene wamuuza kutsimba zimakhazikika. Akakhala kumbali yanu, mwapeza mphunzitsi wamphamvu kuposa buku lililonse. Chimodzimodzi akulu a gule: mukagwirizana nawo kuti zinamwali zizichitika pa holide, mwapulumutsa teremu yathunthu ya ana ambiri. Pitani kwa iwo mwaulemu, kudzera kwa mfumu, ndipo musapite ndi mtima wokawaphunzitsa. Kawafunseni nzeru, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Za abusa ndi mashehe sindichulutsa mawu. Mukasankha wa mpingo umodzi yekha, gulu lanu lidzatchedwa la mpingo umenewo, ndipo makolo ena adzabweza ana awo. Tengani awiri kapena atatu a zipembedzo zosiyana, ndipo pempho lanu likhale lomveka: asadalitse ukwati asanatsimikize zaka za mkwatibwi, ndipo mtsikana wobereka akabwerera kusukulu asamusandutse chitsanzo cha tchimo paguwa.

Aphungu ndi makhansala ndiye pofunika kusamala. Angathe kukuthandizani, makamaka pokankha nkhani yanu kukhonsolo kapena pa za thumba la chitukuko cha m'dera la CDF. Koma wandale ali ndi mtundu wa nsalu yake, ndipo akangokhala nkhope ya gulu lanu, theka la mudzi likutalikirani. Chisankho chikadzamugwetsa, wolowa m'malo mwake adzakuonani ngati anthu a mdani wake. Muziwaitana kumisonkhano, muziwapatsa malipoti, koma udindo wa ukazembe ine sindingawapatse.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene anzanu akuiopa. Ineneni poyera pa tsiku loyamba, musanamuveke aliyense udindo. Auzeni kuti gulu lilibe malipiro, ndipo alawansi yongokhalira pamsonkhano palibe. Ngati mwawatuma kuboma kapena kudera lakutali, kuwabwezera ndalama ya kabaza kapena ya minibasi ndi chakudya cha masana n'koyenera, chifukwa munthu asadye mbewu yake pogwira ntchito yanu. Kupita kwa mfumu koyamba muli ndi kankhuku m'manja ndi mwambo, si ziphuphu. Ena akamva kuti mulibe envulopu adzazilala okha. Asiyeni apite mwamtendere, musakangane nawo. Otsalawo, ngakhale atakhala atatu, ndi anu enieni.

Choopsa kuposa alawansi ndi kaundula. Ndinaonapo gulu lina, sinditchula dera, limene linapeza thandizo la yunifolomu, makope ndi njinga zochepa za ana oyenda mtunda wautali. Linapempha gulupu wina, amene anali kazembe wawo, kuti alembe mayina a ana ovutikitsitsa. Pa tsiku logawa, mtsikana wina wamasiye amene ankakhala ndi agogo ake anaima kumbuyo kwa mzere atavala diresi long'ambika paphewa, akudikira dzina lake. Silinatchulidwe. Njinga ziwiri zinapita kwa adzukulu a pabwalo pomwepo. Palibe amene analankhula, chifukwa ndani angatsutse mfumu pamaso pa anthu ake? Koma kuchokera tsiku limenelo makolo anasiya kubwera kumisonkhano ya gululo. Inu a ku Mchinji nkhani za mndandanda mukuzidziwa, poti Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama la boma kwa mabanja ovutikitsitsa, anayambira m'boma lanu lomwelo mu 2006, ndipo mwamva madandaulo amene amabuka nthawi iliyonse mayina akamalembedwa. Choncho mayina azichokera kwa aphunzitsi, amayi a Mother Group ndi inu eni, mutayendera khomo lililonse. Mukatero muwerenge mndandandawo pagulu, mfumu ili pomwepo monga mboni. Mukatero mwaitetezanso mfumuyo, chifukwa abale ake akabwera kudzaidandaulira idzawauza kuti sinalembe ndi iyo.

Pali china chimene sindifuna muchitenge mopepuka. Mwana akagwiriridwa, kapena wamkulu akagona ndi mwana, umenewo si mlandu wa pabwalo la mfumu. Sutha ndi mbuzi. Ndi wa kupolisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Mafumu ena, pofuna kusunga mtendere pakati pa mabanja, amakonda kuthetsa nkhani zotere mwakachetechete. Kazembe wanu avomereze pachiyambi kuti sadzatero, ngakhale wolakwayo atakhala mphwake. Ndiponso udindo usapatse munthu aliyense mpata wokhala yekha ndi mtsikana wa m'gulu lanu, kaya ndi mfumu, kaya ndi m'busa, kaya ndi mphunzitsi. Lamuloli likhale la aliyense, kuti wina asaone ngati mukumuganizira zoipa.

Malamulo a m'mudzi, aja olipiritsa nkhuku kapena mbuzi kwa kholo losatumiza mwana kusukulu, amathandiza akapangidwa ndi anthu onse. Koma muziyang'ana kumene chindapusacho chikupita. Chikamathera m'khola la mfumu, anthu amayamba kuona lamulolo ngati bizinesi. Gwirizanani kuti chizipita ku komiti ya sukulu. Ndipo musalange mayi wamasiye amene mwana wake wajomba chifukwa m'nyumba mwagonedwa ndi njala mu Januwale. Ameneyo akufunika thandizo.

Mwafunsa kuti azichita chiyani kwenikweni. Lembani tsamba limodzi, m'Chichewa, la munthu aliyense payekha. A gulupu: kulengeza za sukulu pamisonkhano ndi pamaliro, kuitanitsa makolo a ana amene mwawapeza, ndi kutengera nkhani yanu ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) kuti ilowe m'mapulani a chitukuko cha dera. Popeza muli kufupi ndi malire, onjezani kuti azidziwitsa apolisi akamva za anthu odzatenga ana kukagwira ntchito m'minda kapena kukaweta ng'ombe ku Zambia. Wabizinesi wa pa Mkanda kapena pa Kamwendo angathe kulandira achinyamata awiri kuti aphunzire ukalipentala kapena kusoka. Udindowo ukhale wa chaka chimodzi. Chaka chikatha mukhale pansi, muthokoze, ndipo amene wagwira ntchito mumupemphenso. Izi zimakupatsani njira yosiyana ndi munthu popanda kumuchotsa ulemu, chifukwa kuchotsa mfumu paudindo pakati pa chaka ndi nkhondo imene simungaipambane.

Kuti asakulandeni gulu, akazembe asakhale mu komiti, asasayinire kubanki, ndipo asavote. Azilangiza, inu muzisankha. Onetsetsani kuti gulu lanu likudziwika ku ofesi ya achinyamata paboma ndi ku National Youth Council of Malawi, ndipo mukadzakula kufika pokhala bungwe lolandira ndalama zambiri mudzafunika kulembetsa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma. Mapepala amenewa ndi amene amaonetsa kuti eni gulu ndi ndani wina akadzayamba kunena kuti ndi lake. Pamsonkhano uliwonse, mfumu ikatha kulankhula, aimirire mmodzi wa ana amene abwerera kusukulu, anene yekha zimene wadutsamo, ngati iye mwini wafuna. Makolo amve ulamuliro wa mfumu, koma aonenso ndi maso kuti mwana wa mnzawo, amene ankamuyesa wotayika, ali mu Fomu 2.

Ngati mukusowa poyambira, pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi ndi kwa wapampando wa Mother Group, muwafunse kuti ndi mfumu iti imene imabwera yokha kusukulu popanda kuitanidwa. Akupatsani dzina msanga, ndipo ameneyo akhale woyamba kumuyendera. Mukakumana naye mundilemberenso, ndimve mmene zayendera.