Agogo a ku Chernobyl sanapenge

Achimwene, mwafunsa ngati si misala kuti munthu abwerere kukakhala pamalo oipitsidwa ndi mphamvu ya nyukiliya. Ine sindingaitche misala.

Malo opangira magetsi a nyukiliya a Chernobyl, ku Ukraine, ataphulika pa 26 Epulo 1986, anthu a m'tauni yapafupi ya Pripyat anakwezedwa mabasi mawa lake, atauzidwa kuti anyamule zochepa chifukwa abwerera pakatha masiku atatu. Kunali kupita komweko. Chaka chomwecho anthu pafupifupi 116,000 anasamutsidwa m'dera la makilomita 30 kuzungulira malowo. Koma oposa 1,000, ambiri amayi okalamba, anabwerera mozemba kumidzi kwawo. Amatchedwa samosely, kutanthauza odzikhazika okha.

Taganizirani gogo amene anaona nkhondo ya Hitler ndi maso ake, mwamuna wake anagona kumanda a m'mudzi momwemo, dimba analima yekha kuyambira ali mtsikana. Mwamuika m'nyumba yosanja, pakati pa alendo, khasu alibe polimira. Poizoni amene mukumuopseza naye saoneka, sanunkha, ndipo khansa yake imabwera patapita zaka zambiri. Iye zaka zimenezo alibe.

Ngozi ilipo ndithu. Cesium-137, imodzi mwa poizoni wa nyukiliya amene anamwazika kumeneko, imatenga zaka 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka, ndipo imaunjikana mu bowa ndi mumkaka. Mwana sindingamulole kukhalako.

Koma kusamutsa nakonso kumapha. M'chigawo cha Fukushima ku Japan, anthu oposa 2,000, makamaka okalamba, anamwalira ndi mavuto a kusamuka pambuyo pa ngozi ya nyukiliya ya 2011, kuposa amene anafa ndi mafunde aakulu a tsunami m'chigawocho chaka chomwecho.