Msuweni, za funso lako lija

Eee msuweni, meseji yako ndaiona, ndinali mu minibasi kuchokera ku Lizulu netiweki imangodukaduka. Wafunsa kuti kodi khansa imayenda m'magazi... mmm iwe ndimakudziwa, kuyambira kale ukafuna mchere umayamba wafunsa za nkhuku. Chakusowetsa tulo ndi za azakhali zija, ndi katsikana kakoko.

Dikira kaye. Ukuwakumbukira amalume atelala, pakhonde la sitolo paja ndi makina awo a Singer? Anali ndi buku lakuda la miyeso, silimachoka m'kabati, akafuna kudula nsalu mnyamata wawo amakopera miyeso pa kapepala. Ndiye pa ukwati uja wa chaka cha njala... ayi ayi, chaka chotsatira, mnyamata anakopera bwinobwino koma sizasi inadula polakwika, buluku la mkwati mwendo umodzi kulekeza m'katumba. Amalume sanakalipe, anangoyatsa koloboyi n'kusoka lina usiku wonse ndi nsalu yomwe anasungira suti yawo, kutchalitchi anapita ndi jekete yakale yong'ambika m'khwapa, iweyo uli pambuyo kumangoseka mpaka agogo anakutsina.

Nanga ndimati chani... eya. Thupi linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, m'selo iliyonse DNA ndi buku lija la malangizo, RNA ndi kapepala, ndipo kapepalako kamayenera kudulidwa n'kulumikizidwa puloteni isanapangidwe. Pali jini ina (jini ndi ngati tsamba limodzi la bukulo), SF3B1, imapanga mbali ya sizasi yodulira RNA, ikasintha RNA imadulidwa polakwika, zimapezeka m'makhansa ena ogwira magazi enieniwo. Koma zolakwika zambiri zotere munthu sabadwa nazo, zimachitika m'thupi mwake akukula ndipo sapatsira mwana. Zotengera kumtundu, ngati kusintha kwa jini ya khansa ya m'mawere, BRCA1, yomwe anaipeza mu 1994, ndi makhansa 5 mpaka 10 pa 100 alionse basi.

Tsono ya azakhali inali ya khomo la chiberekero, imeneyo pafupifupi yonse imayamba ndi kachirombo ka HPV. Kamalowa m'selo, selo n'kumakopera RNA kuchokera ku DNA ya kachiromboko, n'kupanga puloteni E6 yomwe imaononga mlonda wa selo, p53, uja amaletsa selo yoonongeka kuchulukana. Si magazi akwathu ayi. Ndipo zimatenga zaka zambiri isanasanduke khansa, mpata woipeza msanga ulipo.

Ndiye pita ukayezetse msuweni, pa chipatala cha boma pa Ntcheu pompo amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana, mphindi zochepa chabe. Mwanayo akabayitse katemera wa HPV, anayamba mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, yang'ana m'buku lake la kuchipatala ngati anabaya.

Wandimva? Azakhali sanakusiyire matenda, iwe kayezetse, mwana akabayitse. Usandiyankhe zoti mbatatesi zili m'munda, zidikira. Lachiwiri ndikupeza pa depoti tipitire limodzi, ukayezetse basi.