Ufa watha m'nyumba, kodi nkhawa yangayi ndi tchimo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Matawale. Anapempha kuti dzina lisatuluke, ndiye ndizingoti achemwali. Amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Zomba. Amuna awo ntchito inatha chaka chatha, pano amangoyendera maganyu. Ana alipo atatu, wamkulu ali Fomu 3 ndipo fizi ya teremu ino sanamalize. Lendi yakwana miyezi iwiri osalipira. Usiku sagona. Atadandaula zimenezi ku mapemphero a amayi, mayi wina anawatsegulira Mateyu 6 n'kuwauza kuti kuda nkhawa ndi kusakhulupirira, Mkhristu weniweni amangoyamika basi. Funso lawo analilemba chonchi: "Kodi ndikuchimwa ndikamada nkhawa? Nanga ndiyamike chiyani pamene ufa watha m'nyumba?"

Achemwali, poyamba pepani. Pepani ndi mavutowo, komanso pepani kuti munapita ku mapemphero mutasenza katundu mmodzi n'kubwerako ndi awiri, wachiwiriyo kukhala wodziona ngati wolakwa pamaso pa Mulungu. Wachiwiriyu tiyeni timutule pompano.

Vesi imene anakuwerengeraniyo, ya mawu a Yesu akuti "musadere nkhawa", ilipodi, sanapeke. Koma taonani amene Yesu ankayankhula nawo paphiri paja. Anali asodzi, alimi, ndi anthu oyendera ganyu wolipidwa patsiku, amene akapanda kulembedwa m'mawa ndiye kuti madzulo poto sakhala pamoto. M'mutu womwewo, pa vesi 11, ndi pamene anawaphunzitsa kupempha chakudya chalero. Munthu wa nkhokwe yodzaza sapemphera pemphero lotero ndi mtima wonse. Pa vesi 32 akuti Atate wanu akudziwa kuti mukusowa zonsezi, ndipo mutuwo akuutseka ndi mawu akuti "Zikwanire tsiku zovuta zake." Ndiye kuti Yesu sakukana kuti zovuta zilipo. Akuvomera kuti tsiku lililonse limabwera ndi zake, ndipo n'zokwanira kumulemetsa munthu popanda kuonjezerapo za mawa.

Ine mawu akuti "musadere nkhawa" ndimawamva ngati a mayi amene mwana wake wadzidzimuka usiku mvula ya mabingu ikugwa pamalata, iye n'kumati "usaope, ndili pompano". Mayi ameneyu sakumuimba mlandu mwanayo chifukwa choopa. Ife kutchalitchi tinatenga mawu otonthoza n'kuwasandutsa chikwapu.

Yesu mwini wake ku Getsemane anavutika mumtima mpaka thukuta lake linali ngati madontho a magazi, Luka 22 ikutero. Eliya, atangochoka kumene pogonjetsa aneneri a Baala, anathawira kuchipululu n'kupempha kuti afe. Kawerengeni 1 Mafumu 19 muone zimene mngelo anachita. Sanamulalikire. Anamudzutsa, n'kumupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso, kenako n'kumudyetsanso kachiwiri. Zoyankhulana zinabwera pambuyo, munthu atadya ndi kupuma. Ndiye funso lanu loyamba ndikuyankha mosazungulira: mtima kugunda chifukwa ana agona ndi njala si tchimo. Ndi umayi umenewo.

Komabe sindikunyengererani kuti nkhawa ndi yabwino. Imadya munthu ngati anankafumbwe, kunja thumba likuoneka lodzaza, mkati muli fumbi lokhalokha. Ndikunena zimene zinandichitikira.

Mu November 2023 ndalama yathu ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera masiku ochepa okha, malipiro anga ali pomwepo. Ndinayamba chizolowezi chodzuka cha m'ma 1 koloko usiku, kutenga foni n'kumawerengetsa. Lendi, magetsi, chigayo, thiransipoti ya mwana, ngongole ya ku banki m'khonde. Ndikachotsera, yankho linkatuluka lomwelo. Ndinkafufuta n'kuyambiranso, ngati kuti mwina foni yalakwitsa. Usiku wina bambo a kunyumba anatembenuka, kuwala kwa foni kutawadzutsa, n'kundifunsa ndi mawu a tulo kuti, "Mayi, kodi masamuwo asinthako kuchokera dzulo?" Ndinakwiya, koma kutacha ndinaseka ndekha ndikukoleza mbaula. Masabata atatu ndinali nditagwira ntchito ya usiku yopanda malipiro, ndipo masana ndinkakalipira ana popanda chifukwa.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kusiyanitsa kukonzekera ndi kuda nkhawa. Baibulo sililetsa kuganizira za mawa. Yosefe ku Igupto anasonkhanitsa limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka 7 pokonzekera njala, ndipo palibe amene anamunena kuti alibe chikhulupiriro. Kukonzekera kumathera pa ntchito imene manja angagwire, ndipo ukaigwira mtima umakhala pansi. Nkhawa ilibe pothera. Imangozungulira ngati ntchentche pa zenera lotseka, kugunda galasi lomwelo mpaka kutopa.

Ndiye chimene ndimachita tsopano n'chaching'ono. Madzulo tikatha kudya ndimatenga kope, n'kujambula mzere pakati. Mbali ina ndimalemba zimene ndingachite mawa lenilenilo: kukaonana ndi uje, kukagula chakuti pamalo potchipa, kuimba foni yakuti. Mbali inayo ndimalemba zimene sizili m'manja mwanga, monga mtengo wa chimanga mu February kapena ngati mvula idzagwe bwino. Za mbali yachiwirizi ndi zimene ndimazitchula m'pemphero, chimodzichimodzi, n'kutseka kope. Zikabweranso usiku, pakuti zimabwera ndithu, ndimaziuza kuti nkhani yanu ili kale kwa Mwini wake. Si masiku onse pamene zimatheka. Koma masiku ambiri ndimagona.

Tibwere ku funso lachiwiri, la kuyamika, chifukwa apa ndi pamene anthu amapwetekana kwambiri.

Agogo anga aakazi ankakhala kufupi ndi doko la Kachulu ndipo moyo wawo wonse unali matemba. Kugula kwa asodzi, kuyanika, kubwera nawo kuno kutauni m'madengu. Nyanja ya Chilwa mukuidziwa, ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira mitsinje yothiramo monga Likangala, Domasi ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Mu 1995 inaumiratu. Ine ndinali kamtsikana, ananditumiza kukakhala nawo patchuthi. Ndinaona mabwato atagona chammbali pamatope ong'ambika, anthu akuyenda pansi kulowera ku chilumba cha Chisi pamalo pamene kale ankapalasa ngalawa. Bizinesi ya agogo inathera pomwepo.

Madzulo tikamagona ankapemphera mokweza, ndipo pemphero lawo linkandiseketsa mpaka kudziluma mlomo pansi pa chitenje. Ankayamba ndi kudandaula, osabisa: "Ambuye, nyanja mwatilanda, ife tidya chiyani, ana awa ndiwauza chiyani." Akatero ankayamba kuwerenga zinthu ngati munthu amene akuwerengera katundu pamsika. "Zikomo chifukwa cha madeya anatipatsa anzathu aja. Zikomo chifukwa cha chisoso chamera kuseri kwa bafa. Zikomo mwendo lero sunapweteke kwambiri. Zikomo nkhuku yaikira." Ine ndinkati mumtima, chisoso chomwechi mpaka kuvutitsa nacho Mulungu?

Ndakula tsopano, ndipo ndikuona chimene ankachita. Sanayamikepo n'kamodzi komwe kuti nyanja yauma. Imeneyo ankaidandaula, m'pemphero lomwelo, kwa Mulungu yemweyo. Pa 1 Atesalonika 5:18 Paulo akuti "M'zonse yamikani". M'zonse, kutanthauza uli mkati mwa zimene ulimo. Sanati uziyamika chifukwa cha chilichonse, ngati kuti njala ndi mphatso. Ndipo pa Afilipi 4:6, kalata imene anailemba ali m'ndende, akuika zopempha ndi chiyamiko m'mpweya umodzi. Kudandaula ndi kuthokoza zimakhala m'nyumba imodzi bwinobwino. Masalimo ambiri ndi otero.

Nkhawa ili ndi bodza lake limodzi, imakuuza kuti palibe chatsala. Kuwerenga kwa agogo kuja kunali kutsutsa bodza limenelo ndi umboni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Agogo ankaonetsetsa kuti wapamphunoyo amumve fungo. Inu achemwali, m'imelo yanu yomweyi, ine ndawerengamo benchi mumsika, mpamba umene ukadalipo ngakhale wachepa, mwana amene wafika Fomu 3, ndi bambo amene ntchito itatha sanakhale pansi koma amadzuka kukasaka ganyu. Sindikunena kuti zimenezi zikulipirirani lendi. Ndikungoti zilipo, ndipo nkhawa ya usiku sizikutchulirani.

Madzi anabwereranso ku Chilwa, ndipo matemba ndi milamba zimene zinabisala m'mitsinje ndi m'madambo zinaswananso. Koma nkhaniyi musaitenge ngati lonjezo loti aliyense woyamika zake zimabwerera. Nyanja yomweyo inaphwanso kwambiri mu 2018. Mu March 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ambiri a m'chigawo chathu chino cha kummwera, ndipo mwa iwo munali anthu opemphera kuposa ine ndi inu. Kuyamika si ndalama yogulira madalitso. N'chifukwa chake ndikuchenjezani, wina akakuuzani kuti tengani mpamba wa tomato mukabzale mbewu kwa mneneri kuti zitseko zitseguke, gwirani chikwama chanu mwamphamvu. Mpamba umenewo ndi khasu lanu. Chimodzimodzinso katapila, amene amabwera akumwetulira nthawi ngati ino.

Pali chinthu china pa nkhani ya mbalame zija Yesu anati tiziyang'ane mu Mateyu 6 momwemo. Pitani ku minda ya mpunga ya ku Domasi kapena ku Likangala mpunga ukamacha. Mudzapeza ana ataima m'munda kuyambira mbandakucha, akukuwa, akumenya zitini, kuingitsa mbalame. Mbalamezo sizifesa, sizikolola, zoona. Koma sizikhalanso panthambi kudikira, zimalawirira. Ndipo chimene chimandiseketsa n'chakuti Mulungu amazidyetsa ndi mpunga wa munthu. Chakudya chake sichigwa kumwamba, chimadzera m'munda wa wina. Ndi mmene amachitiranso ndi ife nthawi zambiri. Madeya a agogo aja anachokera kwa mnansi.

Apa ndiye ndili ndi mawu kwa ife a m'mipingo, kaya ndi ku Mvano, ku mphakati kapena ku mlaga. Yakobo 2:15-16 akufunsa kuti m'bale kapena mlongo akasowa chovala ndi chakudya cha tsikulo, wina n'kumuuza kuti pita mumtendere, ukafunde, ukakhute, osamupatsa kanthu, phindu lake n'chiyani? Mayi amene anakutsegulirani Baibulo uja akanatsegulanso thumba la ufa n'kukupungulirani kambale kamodzi, vesiyo ikanamveka mwina. Sindikumuweruza, mwina nayenso kwake kuli zii ndipo vesiyo ndi imene amadzilimbitsa nayo. Koma gulu la amayi makumi awiri silingalephere kuthandiza mnzawo mmodzi kudutsa mwezi. Mutu umodzi susenza denga, timaunena mwambiwu pamaliro pokha, pamene munthu wamoyo akuufunanso. Sankhani mayi mmodzi kapena awiri amene mumawakhulupirira muwauze zonse, ndi manambala omwe, osati pagulu.

Chinanso, za tulo zija. Ngati papita masabata angapo musakugona, mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, chakudya sichikulowa, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndipo mukawauze adokotala za maganizowo, osangoti mutu. Maganizo ofuna kudzichotsera moyo akangobwera, uzani munthu tsiku lomwelo. Kuno ku Zomba tili ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, ndipo anthu a m'maboma ena amatiseka nacho, mpaka ifenso timachita manyazi kuyandikira pageti pake. Manyazi amenewo apweteka ambiri. Kumwa mankhwala kapena kukambirana ndi aphungu sikuchotsa pemphero, monganso kumwa mankhwala a malungo sikulichotsa.

Za mbali yoyamba ya kope lanu, ndikanakhala ine ndikanayamba ndi eni nyumba. Pitani nokha asanakuitaneni, mutatenga kangachepe kalikonse m'manja, mukagwirizane zolipira pang'onopang'ono sabata ndi sabata mmene malonda akuyendera. Munthu wobwera yekha amamvedwa mosiyana ndi wothawathawa. Kusukulu nakonso kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu maso ndi maso, osatuma mwana, ndipo mukafunse za mabasale a ana ovutika amene amadzera ku khonsolo, mumve kuti mayina amalemba liti komanso amafuna makalata otani. Mwina akakuuzani kuti mwachedwa chaka chino. Lembetsanibe dzina.

Ine ndimatsikira kumsika Lachitatu ndikaweruka. Nkhope yanu sindikuidziwa, koma mukadzaona mayi wa magalasi akunenerera mulu wa tomato ngati akugula ng'ombe, ndi ineyo. Mudzandikodole ticheze, ndipo tomato wa tsiku limenelo sindidzanenerera.