Tchizi choyaka moto patebulo

Funso: Mwana wanga amene akuphunzira ku Chicago wanditumizira kanema wa mu lesitilanti ya Agiriki. Wopereka chakudya akuyatsa moto m'mbale ya tchizi, anthu n'kufuula kuti "Opa!" Kodi chakudyachi n'chiyani, nanga motowo ndi wa chiyani? Ine mayi wowerenga magazini ino.

Yankho: Zikomo mayi. Chimene munaonacho ndi saganaki, dzina lochokera ku kachiwaya ka zogwirira ziwiri kamene amakazingiramo. Amatenga tchizi cholimba monga kefalograviera kapena kasseri, chibenthu chokhuthala ngati chala, n'kuchigubuduza mu ufa wa tirigu. Akachikazinga, kunja kumafiirira n'kukhala kokhumutuka, m'kati muli lendelende.

Ku Greece kwenikweniko, mwachizolowezi amangofinyirapo ndimu basi. Zoyatsa motozi zimadziwika kuti zinayambira ku Greektown, dera la Agiriki mumzinda wa Chicago momwemo, pa lesitilanti ya The Parthenon yomwe inatsegulidwa mu 1968 ndipo inatsekedwa mu 2016. Wopereka chakudya amathira kachasu wa brandy pang'ono m'chiwaya chotenthacho, amayatsa, lawi n'kukwera lawilawi, kenako amalizimitsa ndi madzi a ndimu. Mawu akuti "Opa!" ndi mfuu ya chisangalalo.

Ine chimene chimandikoka mtima si lawilo ayi, koma mchere wa tchizi ukakumana ndi kuwawasa kwa ndimu, pambali pali buledi. Mumuuze mwanayo azidya chikadali chotentha, chifukwa chikazizira chimalimba ngati mphira. Ndipo akafuna kuyesera kunyumba, asathire mowawo kuchokera m'botolo pafupi ndi moto.